Ndinabisa Nsapato za Amuna Anga

Mwadzuka bwanji nonse, odwala ndi magadiyani omwe? Musade nkhawa, mzere wanu suthawa, adokotala sanayambe kuitana mayina. Anesi andipempha kuti ndilankhule nanu muli chikhalire pamabenchipa, ndiye ndavomera, ngakhale nkhani yake ndi yondichititsa manyazi. Ine ndine mayi a Tadala, ndimakhala ku Bangwe, geni yanga ndi nsapato za kaunjika mumsika ku Limbe. Pakamwa pokha Mulungu anandipatsa, amene munagulapo kwa ine mukudziwa. Koma lero sindikutsatsa malonda. Ndabwera kudzanena zimene ndinawachita amuna anga, kuti wina pano asakachitenso zomwezo kunyumba kwake.

Abambo a Tadala anali mmisiri womanga nyumba, munthu woyenda. Kuchoka ku Bangwe kukafika ku Limbe wapansi, kwa iwo sinali nkhani, ankati minibasi ndi ya anthu aulesi. Bipi anali nayo kalekale, koma mankhwala ankamwa akakumbukira. Kenako mapazi anayamba kutupa, akagona chagada n'kumabanika. Tsiku lina masana akukwera chitunda cha kwathu anangoti khu, pansi. Foni inandipeza ndili pamalonda, ndipo ndinadzawapeza kuno ali muwodi, paipi ya mpweya ili m'mphuno.

Adokotala anatiuza zimene ambiri a inu munauzidwa: mtima wafooka, sukupopa magazi mokwanira, ndiye madzi akudzadza m'miyendo ndi m'mapapo. Anati matendawa satheratu, koma munthu akawasamala amakhala nawo zaka. Mawu amenewo ndinawamva. Koma amene anandikhala m'mutu ndi a alamu anga, achemwali awo aakulu a ku Chilomoni. Atabwera kudzazonda anandikokera pakhonde la wodi n'kundiuza motsitsa mawu kuti, “Alamu, achimwene athuwa mwawagwiritsa ntchito mpaka agwa pamsewu. Akadzagwanso, tidzafunsa inu.”

Amayi amene muli pano mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ine ndinaonapo mnzanga wa pamsika, amuna ake atamwalira, achibale akuchimuna akumuloza chala pamaliro pomwe, akuti wapha mwana wawo. Mpaka lero mayi ameneyo amayenda chozyolika. Ndinalumbira mumtima kuti ine zimenezo sizindichitikira.

Tsiku lotuluka kunabwera mayi wa mafizo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, mtsikana ndithu, wolankhula mofatsa. Anapeza abambo ali mtulo, ndiye anaitana ine monga gadiyani. Anandiuza kuti mapazi akaphwa, kupuma kukakhazikika, ayambe kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, komanso ndidzabwere nawo kuti adzawaone n'kuwaphunzitsa kayendedwe kake. Ndinagwedeza mutu, “Chabwino adokotala, zikomo adokotala,” ngati munthu womva. Mumtima ndinkati mwana uyu sanakwatiwe, achibale akuchimuna sakuwadziwa. Nanga si kuyenda komweko kunawagwetsa?

Titafika kunyumba abambo anandifunsa kuti achipatala anenanji. Ndinawayankha kuti, “Akuti mugone. Akuti mukangoyenda, mtima uima.” Abale, bodza limenelo linatuluka mosavuta. Sindinachite chibwibwi olo pang'ono.

Patapita masiku mapiritsi okodzetsa aja anagwira ntchito, mapazi anaphwa, munthu n'kuyamba kumva bwino. Anafuna kukaona nyumba ina imene anaisiya isanathe ku Namiyango. M'mawa wina ndinangomva, “Mayi a Tadala, nsapato zanga zili kuti?” Zinali nsapato zakuda zachikopa, ndinawasankhira ndekha nditangotsegula belo, zolimba zedi. Ndinali nditazikwirira kale pansi penipeni m'thumba la nsapato zosayenda malonda, kuseri kwa wadirobu. Ndinawauza kuti zinasowa tsiku limene anagwa lija, mwina anthu anawavula powanyamula. Anangondiyang'ana. Ndinawasiyira mapatapata odukaduka okasambira basi. Ndinkadziwa kuti bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, sangatuluke pamsewu wa miyala atavala zimenezo.

Kuchokera pamenepo zinthu zinatsetsereka msanga. Chakudya pabedi. Madzi osamba kuchipinda. Kenako ndinaika ndowa pakona kuti asavutike n'kupita kuchimbudzi. Tsiku la sikelo yawo, lodzaonedwa ndi adokotala, likakwana ndinkabwera ndekha kudzatenga mankhwala, n'kunena kuti wodwala sangakwanitse kukwera minibasi. Chilakolako cha chakudya chitachepa ndinayamba kuwonjezera mchere mundiwo kuti azidyako, ngakhale achipatala anandiuza kuti ndichepetse. Akati adzuke akhale pakhonde, ine pakamwa paja: mukufuna mundifere, mukufuna anthu andinene?

Ndipo anthu ankandiyamikira, ndi pamene pakundiwawa kwambiri. Amayi a mvano akabwera kudzazonda ankapeza bambo ali gone, bulangeti lochapa bwino, kapu pambali, n'kumati mkazi ndi ameneyu, ena akanathawa. Ine n'kumazyolika ngati wamanyazi, mkati ndikukondwa. Alamu anga aja mpaka anandigulira chitenje, akuti ndawasamalira bwino mlongo wawo. Ndinachilandira ndi manja awiri, Lamulungu lake n'kuchivala kutchalitchi.

Pamenepo amuna anga akutha. Ntchafu za munthu amene ankakwera makwerero thumba la simenti lili paphewa zinangotsala mafupa. Kuchoka pabedi kufika pampando kunasanduka ulendo, akafika ali wefuwefu, thukuta kamukamu. Wailesi anasiya kumvera. Tsiku lina anaitanitsa mphwawo n'kumupatsa levulo, sikweya ndi zida zonse zomangira, zimene anazisonkhanitsa kuyambira tisanakwatirane. Ine anandiuza kuti akadzamwalira tisadzavutike ndi manda a m'tauni, tidzakawaike kwawo ku Phalombe. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa, koma ndinkangoti matenda akukula. Sindinanenepo kuti mwina ndine.

Miyezi itapita mapazi anatupanso, kupuma n'kuvutiratu. Anthu oyandikana nawo anachita kuwabereka kumsana kuwatsitsira kumsewu. Tinabwereranso kuno, wodi yomweija.

Tsopano ndimvereni bwino apa. Atakhalako bwino, m'mawa wina ndikuwamwetsa phala, alamu anga atakhala mbali ina ya bedi, ndinangoona mayi wa mafizo uja akulowa. Anandizindikira. Anatipatsa moni, n'kuvundukula bulangeti kuti aone miyendo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuigwiragwira. Kenako anafunsa abambo mwaulemu kuti, “Bambo, kunyumba kuja mumayenda kufika pati?”

Iwo anadabwa. “Kuyenda? Si munati ndisamayende, mtima uima?”

Mayi uja anangotembenuka n'kundiyang'ana ine. Supuni inali m'manja mwanga, phala likudontha pachitenje, ndipo chitenje chake chinali chomwe chija cha alamu. Abambo anayang'ana mayi wa mafizo, n'kuyang'ana ine. Ndinaona m'maso mwawo akuzindikira zonse. Alamu anga nawo anali atawongoka kale pampando, akudikira. Ndinadziwa kuti lero landikwanira, ndipo ndinali woyenera chilichonse chimene chikanandigwera.

Ndiye abambo a Tadala anakhosomola n'kunena kuti, “Ayi adokotala, pepani, mutu wangawu ukusokonekera. Amayiwa amandiuza tsiku ndi tsiku kuti ndiziyenda. Ulesi ndi wanga. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu.”

Munthu amene ndinamunamiza miyezi yonseyo ananama chifukwa cha ine, pamaso pa achemwali ake, mpweya wolankhulira akuchita kuufunafuna. Alamu anayamba kuwakalipira kuti achimwene ndinu osamva, mukuvutitsa mkazi wabwino. Ine ndinatuluka ngati ndikukatsuka kapu, ndinakaima kumpope kuseriko n'kulira mpaka mayi wina wosandidziwa anandifunsa ngati wodwala wanga watisiya.

Mayi wa mafizo uja ndikukhulupirira kuti anadziwa, koma sanandiyalutse. Madzulo ake anabweranso alamu atapita, anakoka mpando, n'kutilankhula tonse awiri. Atamva kuti abambo ndi omanga nyumba, anawafunsa kuti mmisiri akakalamba, othandizira ake n'kukhala ofooka, ntchito imagwera ndani? Abambo anati imagwera mmisiri yemweyo, ndipo sachedwa kutheratu. Iye anati mtima wawo ndiye mmisiri wokalambayo, minofu ya m'miyendo ndiyo othandizira. Munthu akangogona minofu imasungunuka, ndiye kantchito kakang'ono, olo kudzuka pabedi, mtima umachita kuthamanga kuti ukwanitse. Koma minofu ikamazolowezedwa kuyenda imalimba, imagwira ntchito yomweyo osapempha magazi ambiri, mitsempha nayo imatseguka mosavuta, ndiye mtima sukankha movutikira. Anati kwa anthu ena mtima weniweniwo umapezako mphamvu pang'ono, kwa ena susintha kwenikweni, komabe munthu amapuma bwino n'kumadzichitira zinthu. Ine amene ndinkati ndikuupumitsa mtima, ndinali ndikuusenzetsa katundu yense.

Titatuluka, tsiku lomwelo masana, ndinakoka thumba lija kuseri kwa wadirobu n'kulikhuthula pamaso pawo. Nsapato zinagwa zambirimbiri, zawo zinatuluka pomaliza. Zinali zitachita chuku, kunsi kukadali dothi louma la tsiku limene anagwa. Ndinagwada n'kuwauza zonse, kuyambira mawu a achemwali awo pakhonde paja.

Anatola nsapato imodzi n'kuipukuta ndi chikhatho. “Zoti nsapato sizinasowe ndinkadziwa,” anatero. “Inu simungataye nsapato. Ndinkangoti mkazi wanga akuopa, nanenso ndinkaopa. Koma za adokotala zija ndinakukhulupirirani. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudikira imfa, mayi a Tadala. Mpaka zida zanga ndinagawa.”

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangosiya kundilankhula. Chakudya ankalandira, mankhwala ankamwa, koma mawu ayi. M'nyumba mmene munthu wapakamwa ngati ine ndimakhala munangoti zii.

Kubwerera kwa mphamvu zawo kunayamba kuno. Adokotala anawayeza kaye, n'kuona kuti madzi aphwa ndipo mtima wakhazikika. Apa ndikupempheni, musakadzutse wodwala wanu mawa kuti mayi wa ku Bangwe uja anati muziyenda. Yambani mwafunsa adokotala, chifukwa mitima yathu sinafooke mofanana. Ife anatiyambitsa ndi zinthu zooneka ngati zachibwana: kudzuka pampando n'kukhalanso, kukweza zidendene atagwira tebulo, kuyenda mukhonde la chipatala mayi uja ali pambali. Kunyumba tinayamba ndi kuchoka kuchipinda kufika pakhomo. Ndowa ija ndinaitulutsa. Kenako pakhomo mpaka pampanda, ine nditanyamula kampando kumbuyo kuti akatopa akhale. Pampanda tinakhalitsapo ndithu tisanayerekeze kufika pampope wa madzi. Tinkatuluka m'mawa dzuwa lisanawawe, ndipo tinkasankha njira yosakwera, zimene ku Bangwe n'zofunika kuchita kusakasaka.

Pali lamulo limodzi limene mayi wa mafizo anatipatsa, ndipo ndi limene linapulumutsa banja langa. Anati poyenda abambo azitha kulankhula. Akamalephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, ndiye kuti tathamanga, tichepetse kapena tiime. Nanga ine ndikanadziwa bwanji poti munthu sakundilankhula? Tsiku loyamba ndinawauza kuti bambo, ngati ine simukufuna kundilankhula, lankhulani ndi msewu, ine ndizingomvera. Anayenda chete mpaka pampanda. Mawa lake ataima kuti apume anayang'ana khoma la aneba n'kunena kuti, “Amene anamanga khoma ili anali ataledzera.” Ndinaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse unali woyendera makoma a anthu: ili lapendekeka, ili anaba simenti, nyumba iyo ndinamanga ine, taonani mpaka pano ilibe mng'alu. Mawu anabwerera m'nyumba mwathu kudzera m'makoma a eni ake.

Musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Chikumbumtima chinandipangitsa kulakwitsanso. Ndinkafuna kubweza miyezi yonse ija msanga, ndiye tsiku lina atafika pampope ndinawakakamiza kuti tipitirire mpaka kuchigayo, iwo akuti ndatopa. Anabwerako ali mbuu, masiku angapo osadzuka bwino. Mayi wa mafizo anandiuza mosabisa kuti kumugoneka munthu ndi kumuthamangitsa zonse n'zolakwika. Anatibwerezera zoyenera kuyang'anira: akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mtima kugunda mosalongosoka, aime pomwepo. Mapazi akatupa kuposa dzulo, kapena akayamba kubanika atangokhala, kapena thupi latentha, tsiku limenelo si loyenda, ndi lobwera kuchipatala. Mankhwala osadumphitsa, chifukwa kuyenda sikulowa m'malo mwa mapiritsi. Mchere ndinachepetsa, ndipo ndinachepetsa mumphika wa tonse, kuti asamaone ngati ndi chilango chawo okha.

Ndiye kunatsala alamu anga. Anatipeza m'mawa wina tili panjira, abambo atakhala pakampando kaja pafupi ndi chigayo akupuma. Anayamba pomwepo, anthu akumva, kuti kodi ndatopa nawo achimwene awo, ndikufuna adzagwere pamsewu? Abambo anatsegula pakamwa kuti anditchinjirizenso, koma ndinawagwira paphewa. Ndinati, “Alamu, achipatala ananena kuyambira pachiyambi kuti aziyenda. Amene ndinawagoneka ndine. Si ulesi wawo ayi, ndinawanamiza, chifukwa ndinkaopa inu kuposa mmene ndinkaopera kuwataya.” Alamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenuka kubwerera kusiteji. Mpaka pano moni wathu ndi wapatalipatali. Zimandiwawa, koma tulo ndimagona.

Mwina mukufuna kumva kuti anachira. Sanachire. Atawaunikanso mtima, adokotala anati wasinthako pang'ono, koma sudzabwerera mwakale. Pamakwerero sadzakweranso. Koma amasamba okha, amapita okha kuchimbudzi, Lamulungu amayenda wapansi kutchalitchi, ndipo chiyambireni kuyenda sanagonenso muwodi. Mphwawo uja akapeza ntchito yapafupi amawatenga kuti akakhale pampando azimuuza pamene khoma likupendekeka, ndipo amabwerako atakalipa mokwanira, ali osangalala.

Ndinawafunsapo adokotala pandekha kuti, miyezi imene ndinawagoneka ija, kodi ndi imene inaonjeza kuwononga mtima? Ndinkafuna andiuze kuti ayi. Anati sangadziwe, chimene akudziwa n'choti panopa akuyenda. Ndiye funso limenelo ndimayenda nalo, ndipo ndikuona kuti ndidzafa nalo. Ndikawaona ataima pakati pa njira akupuma, ndimadzifunsa kuti akanayamba nthawi imene anauzidwa ija, bwenzi lero akufika pati.

Inu magadiyani anzanga, makamaka amayi, ndikudziwa zimene mukuopa. Mukuopa pakamwa pa achibale, mukuopa aneba kuti anena kuti mukuzunza wodwala. Ine anthu anandiyamikira, anandiveka chitenje, mwamuna wanga akusungunuka kuchipinda. Ngati pali mawu amene achipatala anakuuzani inu nokha, ndiye munawasunga kapena kuwasintha, kawanenenitu lero lomwe. Ndipo inu odwala, mukalowa umo dzifunsireni nokha kwa adokotala kuti kodi ine ndingayende kufika pati, mumve ndi makutu anu.

Ine ntchito yanga ndi nsapato. Ndikangoitembenuza ndimadziwa mmene mwini wake ankayendera. Za abambo a Tadala zija mwezi watha zinabooka kunsi, yakumanja. Ndinawabweretsera zina zabwino kuposa zimenezo, anakana, anati akufuna zomwezo, ndiye anapita nazo okha kwa wosoka nsapato. Ndi zimene avala lerozi. Ali kumbuyo uko, a chipewa chakhakiwo, akuyang'ana pansi ngati sakundidziwa. Kuchokera pamene minibasi yatitsitsa afika pano ndi miyendo yawo, tinangoima panjira kuti apume.

Sanandiuzepo kuti ndakukhululukirani, ndipo ine sindinawafunse. Koma m'mawa uliwonse akamaliza kumwa mankhwala amaitana ali kuchipinda, mawu ake omwe aja: “Mayi a Tadala, nsapato zanga zili kuti?” Sindidziwa ngati amandiseka kapena amangofunsa. Nthawi zonse mtima wanga umati phaa, ngati tsiku loyamba lija. Ndiye ndimayankha kuti, “Zili pakhomo, bambo, ndapukuta kale.” Ndipo akatuluka amazipeza pomwepo.

Zikomo pondimvera. Anesi atsegula chitseko, konzekani kulowa.